Fomu ikufuna GPA ya pa 4.0 koma transcript yanga ili ndi maperesenti okhaokha, ndilembe chiyani?

Nachisale_265
Moni nonse. Ndikufunsira malo a masters ku yunivesite ina ku America ndipo pa fomu yawo pali kabokosi kofuna GPA (avareji ya magiredi) ya pa 4.0. Digiri yanga ndinachitira konkuno ku Malawi ndipo transcript ili ndi maperesenti okhaokha. Ndaphatikiza zonse za zaka zinayi, avareji ikubwera 66. Usiku wathawu ndinalemba 66 pa kakalikuleta kena ka pa intaneti, kanandiuza kuti imeneyo ndi D, GPA 1.0. Iwo akufuna 3.0 kupita m'mwamba. Kunena zoona sindinagone. M'kalasi mwathu tinalipo oposa 50 ndipo amene anandiposa sanakwane 10. Ndiye kuti tonsefe tinali a D? Odziwa ndithandizeni, tsiku lotseka likuyandikira.

Mbewa_Yamanyazi
Gawani 66 ndi 25 basi. Chifukwa 100 kugawa ndi 25 ndi 4. Mupeza 2.64.

Aphunzitsi_Akale
A Mbewa, njira imeneyo ndiye yawonongetsa mafomu ambiri. Chonde achemwali musaigwiritse ntchito. Palibe ofesi ya admissions imene imawerengera motero.

Kakalikuleta kaja sikanalakwitse masamu. Vuto ndi loti munakapatsa maliki a kuno koma kanawayesa ndi muyezo wa ku America. Masukulu ambiri kumeneko amati 90 mpaka 100 ndi A, 80 mpaka 89 ndi B, 70 mpaka 79 ndi C, 60 mpaka 69 ndi D, pansi pa 60 walephera. Mayeso awo amakonzedwa moti wophunzira wakhama akhoza kupeza 92 kapena 95 popanda wina kudabwa. Kuno tinatengera kachongedwe ka ku Britain, kumene munthu wa 70 amatengedwa kuti wachita bwino kwambiri. Ku England 70 kupita m'mwamba ndi First Class, 60 mpaka 69 ndi Upper Second imene amaitcha 2:1, 50 mpaka 59 ndi 2:2, ndipo 40 mpaka 49 ndi Third. Munthu wa 66 wa ku Leeds kapena Manchester ali ndi 2:1, digiri yabwino ndithu. Naye ataika 66 yakeyo pa kakalikuleta kanu kaja, kamuuza kuti ndi wa D.

Tembenuzani transcript yanu. Kuseri kwake kapena pa tsamba lomaliza pamakhala tebulo lofotokoza kuti maliki akuti mpaka akuti amatanthauza chiyani pa sukulu yanuyo, ndiponso kuti munthu amakhoza kuyambira pati. Tebulo limenelo ndiye poyambira.

Nachisale_265
Zikomo aphunzitsi, mtima wayamba kutsika. Ndaona kuseri, tebulo lilipo, akuti wokhoza amayambira pa 50. Koma za GPA sanalembepo kalikonse.

Mbewa_Yamanyazi
Ine ndinagawa ndi 25 pa fomu yanga ndipo palibe anandifunsa.

Tiyamike_Ohio
Anakutengani?

Mbewa_Yamanyazi
Ayi, koma zifukwa zinali zina.

Tiyamike_Ohio
Mwina zinali zina, mwina ndi zomwezo. Munadzitsitsa nokha achimwene.

Nachisale, ine ndili chaka chachiwiri cha masters kuno. Ndikufotokozereni kaye mmene GPA imawerengedwera kuti mudziwe chimene akufunsa. Giredi iliyonse ili ndi mapointi ake. Masukulu ambiri amati A ndi 4.0, A- ndi 3.7, B+ ndi 3.3, B ndi 3.0, B- ndi 2.7, C+ ndi 2.3, C ndi 2.0, D ndi 1.0, F ndi 0. Kosi iliyonse ilinso ndi ma credit ake, malingana ndi maola amene mumakhala m'kalasi pa sabata. Mumachulukitsa mapointi a giredi ndi ma credit a kosiyo, n'kuphatikiza zonse, kenako n'kugawa ndi ma credit onse.

Tiyerekeze semesita ya makosi asanu:
Statistics, ma credit 4, mwapeza C: 4 x 2.0 = 8.0
Microeconomics, ma credit 3, B+: 3 x 3.3 = 9.9
Communication, ma credit 2, A: 2 x 4.0 = 8.0
Accounting, ma credit 3, B: 3 x 3.0 = 9.0
Computing, ma credit 3, A-: 3 x 3.7 = 11.1

Mapointi onse ndi 46.0, ma credit onse ndi 15. Mukagawa 46 ndi 15 mupeza 3.07. Munthu amene wangophatikiza magiredi asanuwo n'kugawa ndi 5 apeza 3.2, ndipo walakwitsa. A wa Communication uja ndi wopepuka, C wa Statistics ndi wolemera kawiri. N'chifukwa chake ndikukaikiranso 66 yanuyo. Munaipeza pongophatikiza maliki n'kugawa ndi chiwerengero cha makosi, kapena munaganizira kulemera kwa kosi iliyonse? Ngati project ya chaka chomaliza inali ndi ma credit ambiri ndipo munaikhoza bwino, mwina avareji yanu yeniyeni ndi yoposa pamenepo.

Nachisale_265
Ndinangophatikiza basi. Project ndinapeza 72 ndipo inali ya chaka chonse. Ndibwereza.

Kondwani_Stats
Kuwonjezera pa zimene a Tiyamike anena, anthu amalakwitsanso pophatikiza masemesita. Wina ali ndi 3.07 semesita yoyamba ya ma credit 15, kenako 3.5 semesita yachiwiri ya ma credit 12, amangoti ndiphatikize ziwirizi ndigawe pakati. Ayi. Bwererani ku mapointi: 46 kuphatikiza 42 ndi 88, ma credit ndi 27, CGPA (GPA ya masemesita onse pamodzi) ndi 3.26. Kugawa pakati kuja kukupatsani pafupifupi 3.29. Pa masemesita awiri kusiyanako kukuoneka kochepa, koma pa masemesita 8 kumatha kukudutsitsani kapena kukugwetsani pa mzere umene akufuna.

BamboAke_Junior
Zinthu zake zovuta bwanji. Ife nthawi yathu tinkangodziwa Distinction, Credit, Pass. Zakwana.

Gogo_wa_Data
Nanga MSCE ija si chimodzimodzi bambo? Kumeneko 1 ndiye wapamwamba, 9 walephera, 1 ndi 2 distinction, 3 mpaka 6 credit, 7 ndi 8 pass. Amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndipo wa mapointi 6 ndiye katswiri. Kamuuzeni munthu wa ku America kuti mwana wanu wapeza mapointi 9 ndipo mnzake wapeza 30, adzayamikira wa 30. Nambala payokha siinena kanthu mpaka udziwe muyezo wake.

BamboAke_Junior
Apo ndamva. Junior anapeza 14 ndipo azakhali ake a ku Johannesburg anafunsa kuti 14 pa 100?

Chikondi_Jozi
Poti mwatchula kuno, nako nkosiyana. Ku University of Cape Town 75 kupita m'mwamba ndi first class, 70 mpaka 74 ndi second class ya m'mwamba, 60 mpaka 69 second class ya m'munsi, 50 mpaka 59 third. Ndiye 66 yomweyo ku England ili m'gulu la 2:1, kuno ili mu second ya m'munsi. Komanso digiri yakunja amafuna iyambe yadutsa ku SAQA, bungwe la kuno lounika madigiri, kuti aone kuti ikugwera pa level iti. Masukulu ambiri kuno salola kulowa masters ndi digiri ya zaka zitatu yokha, amafuna honours kapena digiri ya zaka zinayi yofanana nayo. Ine ndinadikira kalata ya SAQA ndisanalembetse.

Mwana_wa_Chipata
Kuno ku Zambia, pa yunivesite ya UNZA digiri imatuluka ndi Distinction, Merit, Credit kapena Pass. Ndiye Credit ya kuno ili pachitatu. Munthu wa ku Malawi akamva Credit amaganiza kuti ndi yachiwiri kwa Distinction. Ngakhale mawuwo amanyenga.

Nachisale_265
Tsono m'kabokosi muja ndilembemo chiyani abale? Zonsezi ndazimva koma kabokosi kakadali kopanda kanthu.

Tiyamike_Ohio
Werengani malangizo a fomuyo mofatsa, makamaka gawo la ophunzira ochokera kunja. Masukulu ambiri amalemba momveka kuti musasinthe nokha magiredi anu, lembani monga alili pa transcript. Ena pambali pa kabokosiko amaika kena kofunsa muyezo, ndiye mumalemba 66 ndipo pa muyezo mumalemba 100. Ena amati siyani osalemba, kapena lembani 0.00, tiwerengera tokha. Ngati sananene chilichonse, alembereni imelo a graduate admissions. Mizere itatu yokha: ndinaphunzira ku Malawi, transcript yanga ili ndi maperesenti, ndilembe chiyani pa GPA. Funso limeneli amalilandira tsiku ndi tsiku kuchokera ku India, Nigeria, Kenya ndi kwina. Ine anandiyankha pasanathe masiku awiri.

Masukulu ena amafuna kuti transcript iyambe yaunikidwa ndi bungwe ngati WES kapena ECE. Pa zimenezi sankhani imene amaitcha course-by-course, chifukwa ndi imene imasintha kosi iliyonse n'kutulutsa GPA. Inayo, document-by-document, imangonena kuti digiri yanu ikufanana ndi bachelor's ya ku America, GPA mulibe.

Zex_Ndirande
WES yakeyo ndi madola oposa 150, osawerengera zotumizira mapepala. Madola ake uwapeza kuti panopa? Kubanki ukapempha amangoti dikirani. Ine khadi langa linakana katatu, mpaka ndinapempha msuweni wanga wa ku Ireland kuti andilipirire ine ndipereke makwacha kwa mayi ake kumudzi.

Gogo_wa_Data
Imeneyo ndiye njira imene ambiri tikudutsira.

Zex_Ndirande
Ndipo usaiwale kuti amafuna transcript ichoke kusukulu kwako kupita kwa iwo mwachindunji, osati udzitumizire wekha. Kusukulu kwathu ndinayenda maulendo anayi. Ulendo woyamba akuti osayina kulibe. Wachiwiri akuti ndili ndi ngongole ya buku la ku laibulale limene ndinabweza kalekale. Mwamwayi ndinasunga kalisiti. Ulendo wachitatu magetsi. Nachisale, ngati akufuna zimenezi yambani lero, zimadya masabata.

MaiPhiri_Registry
Ndimagwira ntchito mu ofesi yotere pa koleji ina, ndiye ndiyankheko. Sindikukana kuti timachedwa. Koma ambiri amabwera Lachinayi akufuna transcript ifike ku Canada Lolemba. Ena dzina la pa pasipoti ndi losiyana ndi la pa satifiketi ndipo sananene. Langizo langa: pemphani transcript yovomerezeka msanga, onetsetsani kuti tsamba la grading key, lija lofotokoza tanthauzo la maliki, lilipo, ndipo ngati simukuoneka ma credit kapena maola a kosi iliyonse pemphani kalata yofotokoza zimenezo. Popanda ma credit, owunika aja amavutika kudziwa kosi yolemera ndi yopepuka. Mukhozanso kupempha kalata yonena kuti munali pa nambala yanji m'kalasi, ngati sukulu yanu imasunga zimenezo. Kwa munthu ngati Nachisale amene anali mwa 10 oyambirira, kalata imeneyo imalankhula kuposa 66.

Zex_Ndirande
Mayi, sikuti ndimanena inuyo. Koma buku lija ndinabweza.

MaiPhiri_Registry
Ndakumvani mwanangu. Munachita bwino kusunga lisiti.

Dalitso_Eng
Pepani ndilowetsepo yanga. Ndili chaka chachitatu pa yunivesite ina imene imagwiritsa ntchito GPA ya pa 4.0. Ndamaliza ma credit 90, CGPA ili pa 2.6. Kwatsala ma credit 30. Ndikalimbikira chaka chomalizachi ndingafike 3.0?

Kondwani_Stats
Tiwerengere limodzi achimwene. Kuti mumalize ndi 3.0 pa ma credit 120 mukufunika mapointi 360. Panopa muli ndi 90 x 2.6, amene ndi 234. Kwatsala 126. Mukagawa 126 ndi ma credit 30 otsalawo mupeza 4.2, kutanthauza kuti mukufunika kuposa A pa kosi iliyonse. Ngakhale mutapeza A monsemo, mupeza mapointi 120, onse pamodzi 354, CGPA 2.95. Pepani, 3.0 siitheka pokhapokha ngati sukulu yanu imalola kubwereza kosi n'kufufuta giredi yakale.

Dalitso_Eng
Eish. Chaka choyamba ndi chimene chinandipha. Bambo anamwalira pakati pa semesita, ndinalemba masapu (mayeso obwereza) awiri.

Aphunzitsi_Akale
Pepani kwambiri mwana wanga. Musataye mtima ndi masamu amenewa, ndi oona koma sakutha pamenepo. Masukulu angapo a ku America amayang'ananso GPA ya ma credit 60 omaliza, ndiye kuti zaka ziwiri zomaliza, ndipo ena amaona GPA ya makosi a ntchito yanu yeniyeniyo payokha. Ku Britain mayunivesite ambiri chaka choyamba sachiwerengera n'komwe pa kalasi ya digiri, ndipo chomaliza amachipatsa mphamvu zambiri. Anthu owerenga mafomu amaona ngati munthu anayamba mofooka n'kumakwera. Transcript yoyamba ndi 2.1 n'kumaliza ndi 3.7 imaoneka bwino kwa iwo kuposa yoyamba ndi 3.5 n'kumatsika. Za maliro a bambo anu mukhoza kuzifotokoza m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri mu statement yanu, mosadandaula, kungonena zimene zinachitika ndi mmene munadzukira.

Chinanso, kafunseni ku ofesi ya dipatimenti yanu za masapu aja. M'masukulu ambiri munthu akakhoza sapu amangomupatsa maliki okhozera basi, ngakhale atapeza 80. Kosi yobwereza nayo malamulo amasiyana: ena amafufuta giredi yakale, ena amawerengera zonse ziwiri. Zili m'buku la malamulo a maphunziro limene munapatsidwa chaka choyamba, lija ambiri salitsegula mpaka atamva kuti akufuna kuwidedwa.

Dalitso_Eng
Zikomo aphunzitsi. Ndikafunsa Lolemba.

Mbewa_Yamanyazi
Koma tinene zoona, vuto ndi malekichara athu. Amaumira maliki ngati akuchotsa m'thumba mwawo. Wina anatiuza tsiku loyamba kuti m'kalasi mwake palibe amapeza 70. Ndiye tikapikisana bwanji ndi anthu amene amapatsidwa 95?

Dr_Nkhwazi
Ine ndimaphunzitsa ndipo ndikutsutsaniko pang'ono. Lekichara wonena kuti palibe adzapeze 70 asanaone n'komwe ntchito ya ophunzira akulakwa, pamenepo tili limodzi. Koma kukweza maliki a aliyense sikungathandize. Pa mayeso olemba nkhani yaitali, 65 imatanthauza kuti wayankha bwino ndipo wamvetsa, 75 imatanthauza kuti wabweretsa maganizo ako amene sindinakuphunzitse. Muyezo umenewu uli ndi tanthauzo ndipo ma external examiner amaudziwa. Tikayamba kugawa ma 90, m'zaka zochepa mabungwe akunja adzaona ndipo adzasintha matebulo awo, ndiye 90 yathu idzatsika mtengo. Ku America komweko akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ma A achuluka moti sakusiyanitsanso ophunzira. Chimene ndimalimbikitsa kwathu ndi choti transcript izifotokoza bwino muyezo wathu, ndipo tizilemba m'makalata a reference kuti wophunzirayu anali pati pakati pa anzake.

Mbewa_Yamanyazi
Adokotala, mukunena bwino, koma amene akuvutika ndi ife. Kompyuta yosefa mafomu siwerenga kalata yanu.

Dr_Nkhwazi
N'chifukwa chake akukuuzani kuti musalembe 2.64 m'kabokosimo. Mukatero mwaipatsa nokha chifukwa chokusefani.

Yamikani_Bonn
Kwa amene akuganiza za ku Germany, kuno zinthu zimayenda chobwerera ngati MSCE. 1.0 ndiye wapamwamba, 4.0 ndi pokhozera pomalizira, 5.0 walephera. Mayunivesite ambiri amasintha magiredi akunja ndi njira imene amaitcha modified Bavarian formula. Umatenga maliki apamwamba kwambiri otheka kuchotsapo ako, n'kugawa ndi maliki apamwambawo kuchotsapo okhozera, n'kuchulukitsa ndi 3, kenako kuphatikiza 1. Kwa Nachisale: 100 kuchotsa 66 ndi 34, 100 kuchotsa 50 ndi 50, 34 kugawa ndi 50 ndi 0.68, kuchulukitsa ndi 3 ndi 2.04, kuphatikiza 1 ndi 3.04. Sukulu yake ikanakhala yokhozera pa 40, yankho likanakhala 2.7. Njira imeneyi imatipweteka ife chifukwa imaganiza kuti 100 ndi yotheka. Mapulogalamu ena amafuna 2.5 kapena nambala yotsikirapo, ndiye muziwerengera musanalipire uni-assist, bungwe lounika mafomu a ophunzira ochokera kunja.

Chikondi_Jozi
Ndiye munthu mmodzi, 66 imodzi: D, 2:1, second ya m'munsi, 3.04.

Gogo_wa_Data
Ku Nigeria GPA yawo m'masukulu ambiri imafika 5.0, First Class imayambira 4.50. Ku India ambiri ndi pa 10. Ngakhale ku America komweko yunivesite ya MIT imagwiritsa ntchito 5.0, ndipo masukulu ena A+ amaipatsa 4.3. Ndiye mukaona munthu walemba pa CV kuti GPA 3.8 osanena kuti pa zingati, mufunseni. Pa CV yanu nanunso muzilemba zonse ziwiri, monga 3.4/4.0 kapena 66/100.

BamboAke_Junior
Nanga Chevening, sikolashipu ya boma la Britain ija, amafuna chiyani? Mlongo wake wa Junior akuifuna.

Aphunzitsi_Akale
Amafuna digiri yoti ingamulowetse masters ku Britain, kawirikawiri yofanana ndi 2:1, komanso zaka ziwiri za ntchito zimene amaziwerengera ngati maola 2,800. Koma amene amagamula ngati digiri ya ku Malawi ikufanana ndi 2:1 ndi yunivesite imene akufunsirayo. Mayunivesite ambiri a kumeneko ali ndi tsamba la dziko lililonse pa webusaiti yawo. Asake dzina la yunivesiteyo pamodzi ndi mawu oti Malawi entry requirements. Aone masukulu atatu kapena anayi, chifukwa sanena zofanana. Ena amafuna maliki okwera kuposa anzawo pa digiri yomweyo. Palinso UK ENIC, imene kale inkatchedwa UK NARIC, imene imapereka kalata yofananitsa digiri, koma asalipire pokhapokha atamupempha.

BamboAke_Junior
Zikomo kwambiri, ndamutumizira zonsezi.

Zex_Ndirande
Wina ali ndi munthu wodalirika wopita ku Lilongwe mawa? Ndili ndi envelopu yofunika ifike ku Area 3.

Gogo_wa_Data
Zex, zimenezo ku inbox.

Nachisale_265
Ndabweranso abale. Ndinachita zimene a Tiyamike ndi a Kondwani ananena, ndinaika makosi onse 41 mu Excel, ma credit mbali ina maliki mbali ina. Avareji yoganizira ma credit yabwera 67.4, project ija yandikweza. Zaka ziwiri zomaliza pazokha zabwera 69.8. Ndinalembanso imelo ija dzulo masana ndipo m'mawa uno ayankha. Akuti kabokosi ka GPA ndikasiye kopanda kanthu, ndiike transcript yonse pamodzi ndi tsamba la kuseri lija, ofesi yawo ndi imene imawerengera. Za WES akuti sizikufunika panopa, adzandipempha ngati anditenga. Ndiye madola aja ndayamba ndapuma.

Mayi Phiri, kalata yonena kuti ndinali pa nambala yanji ija ndikapemphe kwa registrar kapena kwa mkulu wa dipatimenti?

MaiPhiri_Registry
Yambani kwa mkulu wa dipatimenti, ndi amene amakhala ndi mndandanda wa kalasi yanu. Akalemba, ipite ku registry kukadindidwa. Mutenge ID yanu yakale ya sukulu ngati muli nayo, kapena nambala yanu ya registration, ndipo mupite m'mawa asanalowe m'misonkhano.

Dalitso_Eng
Ndafunsa ku dipatimenti lero. Akuti kosi imodzi mwa ziwiri zija ndikhoza kuibwereza semesita ikubwerayi ndipo giredi yatsopano ilowa m'malo mwa yakale. Inali ya ma credit 4, ndinapeza D. A Kondwani, ndikapeza A zikhala bwanji?

Kondwani_Stats
D inakupatsani mapointi 4, A ikupatsani 16, ndiye mwawonjezera 12. Muchoka pa 234 kufika pa 246. Kuti mufike 360 kwatsala 114, kugawa ndi 30 ndi 3.8. Ndiye kuti chaka chomaliza pafupifupi kosi iliyonse ikhale A, ma A- ochepa, B+ mwina mmodzi. Mufunsenso ngati kosi yobwerezayo ikugundana ndi nthawi ya makosi a chaka chachinayi musanalembetse.